Achemwali Anagwira Kandege ndi Ukonde

Ndinanyamuka pakhomo panga ku Balaka cha m'ma sikisi m'mawa, Lachiwiri lina mvula ili kumapeto, nditavala malaya oyera ositidwa mpaka kolala kuima. M'khwapa ndinali nditapanira phukusi. Ulendo unali wa kwathu, kufupi ndi nyanja ya Chiuta m'boma la Machinga, koma ndiulule poyamba pomwe kuti cholinga changa chinali choti ndipite kwathuko popanda kufikako.

Bambo anga, amene timangowatchula kuti ababa, anafa ziwalo mbali imodzi zaka ziwiri zapitazo. Mayi anatsogola kalekale. Ana tilipo awiri basi, ine ndi achemwali anga aakulu a Esinati, ndipo odwalawo anatsala m'manja mwa achemwaliwo. Ine ababa ndinawaona kamodzi kokha ali kuchipatala, pakamwa patapotoka, dovu likuyenderera pachibwano, munthu amene kale ankakokera yekha bwato kumtunda. Ndinatuluka n'kukalira kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo kuchokera tsiku limenelo phazi langa silinapondenso kumudzi. Ndinkaopa kuwaona, palibenso chifukwa china. M'malo mwake ndinasanduka katswiri wotumiza katundu. Ndatumapo makondakitala, ogula nsomba, aphunzitsi obwerera kutchuthi, ngakhale akatekisiti. Achemwali anali atandichenjeza kale pafoni kuti, "Alifeyo, katundu wina akadzabweranso wopanda miyendo yako, usadzandidabwe." Ine ndinangoti awa ndi mabingu a mu Okutobala, ongoopseza nkhuku.

Ndiye kunabwera kampani ina yonyamula katundu, dzina ndisunge, n'kutsegula ofesi moyang'anizana ndi khonde limene ndimasokerapo zovala. Anthuwa anali kuyesa njira yatsopano. Ali ndi galimoto ya bokosi, ndipo m'galimotomo amasungamo kandege kosakwera munthu, kamene achinyamata amati dironi. Galimoto imayenda mumsewu waukulu, ikaima kandege n'kunyamuka padenga pake kukatula katundu m'midzi momwe matayala sangafike, kenako n'kubwerera. Nditamva zimenezi ndinadziwa kuti Mulungu amayankhanso mapemphero a anthu amantha.

Wakabaza amene ananditenga kuchokera kunyumba anandidula K1,000, n'kuwonjezerapo ulaliki waulere wakuti tindegeti tabwera kudzawalanda ntchito. Ndinamuuza kuti adzayambe kudandaula tsiku limene kandege kadzanyamule mayi wonenepa ndi thumba lake la chimanga.

Paofesi ndinalandiridwa ndi woulutsa kandegeko, a Asiyatu, mtsikana wa cha ku Liwonde, wovala mpango wakuda kumutu, wosaseka wamba. Anaika phukusi langa pasikelo n'kupukusa mutu.

"Kandege kathuka kamanyamula makilo awiri basi. Shuga atsale."

"Achemwali, shugayo ndiye mwini ulendo. Kumudzi phukusi lopanda shuga amati ndi kalata."

"Ndiye mankhwala atsale?"

Shuga anatsala. M'phukusi munatsalira mankhwala a ababa a kuthamanga kwa magazi, sopo, mafuta odzola, masamba a tiyi ndi matewera a akuluakulu. Mtengo wake unali K12,000, ndalama yoti ikanandifikitsa ine mwini wake pa Ntaja pa minibasi n'kutsalako ya chimanga chootcha. Vuto linabuka pamene a Asiyatu anafunsa za malo okatulapo katundu.

"Nyumba yake ili pati?"

"Mukangopitirira mjigo, pali mtengo waukulu wa mango. Pomwepo."

"Bambo, kandege sikadziwa mjigo. Achemwali anuwo atitumizire pafoni malo amene ali."

Foni ya achemwali ndi ya mabatani, yomanga ndi mphira, imadziwa kulira ndi kuwalitsa tochi basi. Mapeto ake a Asiyatu anandiuza kuti ndikwere nawo galimoto, ndikaloze ndekha denga la kwathu pa chithunzi chimene kamera ya kandege imatumiza. Ndinafunsa kuti galimoto ikathera pati, ndipo anati tsidya lino la mtsinje wa kwathu, poti kamlatho kake kanapita ndi madzi. Pamenepo ndinapuma. Pakati pa ine ndi achemwali pakakhala mtsinje wodzaza, ndinalibe choopa.

Tinachoka pa Balaka hafu pasiti seveni. Dalaivala anali a Maseko a ku Phalula, bambo wa imvi zapakatikati amene anayendetsapo magalimoto akuluakulu mpaka ku Beira. Iwo ndi kandegeko sankamwerana madzi. Ankakatchula kuti "bwana wamng'ono", chifukwa kankagona kumbuyo pa siponji yofewa, kakupizidwa ndi fani, pamene iwo anakhalira mpando wotuluka waya. Akaona dzenje mumsewu ankachepetsa liwiro n'kunena mokweza kuti, "Pepani bwana, tikugwedezani pang'ono."

Tisanafike pa Chiyendausiku tinaima pambali pa msewu kuti titumize kabokosi ka mankhwala ku kachipatala kena cha ku Rivirivi. Apa ndi pamene ndinaona ntchitoyo koyamba. A Maseko anakoka chitsulo, denga la galimoto linatseguka, ndipo kathebulo kanakwera m'mwamba kali ndi kandege pamwamba pake. Kukula kwake ndi ngati thireyi ya mandasi, kali ndi miyendo inayi ndi timapiko tozungulira tisanu ndi kamodzi. A Asiyatu analowetsa batire lokula ngati njerwa, anamangirira bokosi kumimba kwake, anayang'ana kumene mphepo ikuchokera, n'kudina pa tabuleti. Kanayamba kulira ngati njuchi zosamuka, kanadzuka, kanaima kaye m'malere ngati kakuganiza, kenako kanalunjika kumwera. Nkhuku zonse za m'mudzi wapafupi zinathawira pansi pa nkhokwe.

Anthu anali atasonkhana kale. Mkulu wina wokankha njinga ya makala anayang'ana kumwamba dzanja lili pachipumi, ndipo sanaoneke wodabwa ngakhale pang'ono.

"Zimenezi kwathu kuno zinayamba kale," anatero. "Kungoti anzathu aja ankagwiritsa ntchito lichero."

"Zoona madala," anayankha a Maseko. "Kusiyana kwake n'kwakuti awa ali ndi laisensi, ndipo amaulutsa atavala."

Sitinakadikire kandegeko. Tinapitiriza ulendo, ndipo kanatipeza kokha pa mphambano yopita ku Mangochi, kanatera pakathebulo kake mwaulemu, bokosi lili lopanda kanthu. A Maseko anang'ung'udza kuti pa zaka zonse zimene akhala pa chiwongolero, aka n'koyamba kuthamangitsidwa ndi katundu.

Pa Liwonde tinafika cha m'ma hafu pasiti naini. Shire anali wodzaza mpaka m'mabango, namasupuni akutsetsereka pamadzi milumilu. Titawoloka mlatho tinaima kuti mabatire atchajidwe, ife n'kugula nsomba zokazinga ndi chinangwa chophika. Mayi amene anatigulitsa anali atamva kale za galimoto yathu. Anatsamira pazenera, anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa a Asiyatu motsitsa mawu.

"Akuti kandegeko kali ndi kamera?"

"Eya, amayi."

"Kamaona mpaka m'nyumba?"

"Iyayi, pabwalo pokha."

"Olo pabwalo pomwepo. Bambo a kunyumba anachoka Loweruka, ati akukagula mpunga ku Nsanama. Mukamadutsa kumeneko mundionereko njinga yobiriwira yopanda madigadi, yatsamira khonde la ndani."

A Asiyatu anaseka koyamba tsiku limenelo, ndipo mayiyo anatiwonjezera nsomba imodzi ya banyira. Ine ndinaseka kwambiri kuposa onse, osaganiza kuti nanenso ndili m'gulu la anthu osowa pakhomo.

Kuchoka pa Liwonde msewu umakwera mapiri, kenako n'kutsikira m'madambo a mpunga. Tinatumiza katundu kawiri: mabuku kusukulu ina ya kuseri kwa phiri, ndi kachitsulo ka pampu kwa mlimi wina wa kufupi ndi Nsanama. Zonse zinayenda bwino moti ndinayamba kudzimva ngati mmodzi wa akuluakulu a kampani. Ana akamatibayibitsa, ine ndinkakweza dzanja pang'onopang'ono ngati phungu. Apa ndi pamene a Asiyatu anandifunsa, maso ali pa tabuleti, kuti kwathuko ndinapitako liti komaliza. Ndinati pa Khirisimasi. Sanafunse kuti ya chaka chiti, ndipo ine sindinaone chifukwa chowavutitsira ndi zambiri.

Pa Ntaja tinafika dzuwa lili paliwombo, ndipo m'pamene ndinalakwitsa. Ndinatsika kukagula chimanga chootcha. Ndili mkati mosankha, ndinamva dzanja paphewa.

"Che Alifeyo! Ndinu amene? Kunenepa kumeneku!"

Anali Che Jafali, wakabaza wa njinga yamoto wa m'mudzi mwathu. Ndinayesa kunena kuti ndikungodutsa pantchito, ndipo kwathu ndidzapita bwino mwezi wamawa. Iye anavomera ndi mutu, maso ali pa galimoto. Ndisanamalize n'komwe kulipira chimanga, ndinamuona ataima pambali, foni ili kukhutu. Kwathu nkhani siidikira batire.

Nditabwerera m'galimoto ndinaimbira achemwali kuti ndiwafotokozere malamulo, monga mmene a Asiyatu anandiuzira. Ayale chitenje chofiira pabwalo. Ana akhale patali. Kandege kakatera adikire timapiko tisiye kuzungulira, atsegule bokosi, achotse katundu, atsekenso, kenako abwerere m'mbuyo mapazi khumi kuti kanyamuke.

"Ndamva, achimwene," anatero achemwali ndi mawu ozizira bwino. "Ndiye kakatera kamakhala pansi nthawi yaitali bwanji?"

"Mpaka woulutsa aone kuti mwatalikira."

"Oho. Timapikoto tikaima sitiluma?"

"Iyayi."

"Chabwino, achimwene. Yendani bwino."

Chibadwire changa achemwali sananditchulepo kuti achimwene. Ndimakhala "iwe", zikavuta "iwe Alifeyo". Munthu wanzeru akanatsika pomwepo n'kukwera minibasi yobwerera ku Balaka. Ine ndinauza a Maseko kuti achemwali anga masiku ano akhwima maganizo.

Kuchoka pa Ntaja tinalowa msewu wafumbi, umene tsiku limenelo unali wamatope okhaokha. Bwana wamng'ono anapepesedwa kosawerengeka. Cha m'ma hafu pasiti wanu tinafika pamtsinje. Kamlatho kanalidi katapita, kutangotsala zipilala ziwiri, ndipo anyamata awiri ankawolotsa anthu pabwato. Kuchokera pamenepo kukafika kwathu ndi ulendo wosakwana ola limodzi. Ndinatsetserekera pansi pampando kuti owoloka asandizindikire.

Kandege kananyamuka ndi phukusi langa, ndipo tonse atatu tinaunjikana pa tabuleti. Ndinaona mtsinje ukuchepa, minda ya mpunga yobiriwira, tinjira, patali madzi a Chiuta akunyezimira. Kenako madenga anayamba kuoneka.

"Lozani," anatero a Asiyatu.

Ndinayang'ana. Kumwamba madenga onse ndi pachibale. Ndinafunafuna mtengo wa mango uja, koma sunaoneke. Ndinaloza nyumba ina, a Asiyatu anatsitsa kandege pang'ono, ndipo tinaona kuti ndi khola la ng'ombe. Ndinaloza ina, inali mzikiti.

"Bambo, batire likutha. Kwanu simukudziwa?"

"Mtengo uja auchotsa."

"Auchotsa chichokereni Khirisimasi?"

Thukuta linayamba kutsika m'kolala muja. Mwamwayi a Maseko anaona kadontho kofiira pakona ya chithunzi. Chinali chitenje, choyalidwa bwino, miyala ili m'makona. Pamene panali mango panali chitsa. Ndipo pakhonde, pamkeka, panali kanthu kakang'ono kofundidwa bulangete, mutu woyera uli kunja. Ndinadziwa kuti ndi ababa. Ndinayang'ana kumbali n'kuyamba kupukuta magalasi anga a m'maso amene anali oyera kale.

Kandege kanatera pakati penipeni pa chitenje. Timapiko tinaima. Achemwali anabwera, anagwada, anatsegula bokosi, anachotsa phukusi, anatsekanso, zonse mwadongosolo moti a Asiyatu anati, "Akanakhala onse otere." Kenako anayamba kubwerera m'mbuyo. Ndinawerenga mapazi mpaka asanu. Pa lachisanu ndi chimodzi, amayi awiri anatulukira kuseri kwa nyumba atagwira chinthu m'mbali ndi m'mbali, achemwali anagwira pakati, ndipo chithunzi chonse chinadzaza timabowo. Unali ukonde wakale wa ababa. Tinaona mtondo ukugubuduzidwa kudzapsinja mbali imodzi, njerwa mbali inayo. Pomaliza nkhope ya achemwali inayandikira kamera mpaka tinangoona mphuno.

Foni yanga inalira.

"Iwe Alifeyo," anatero. Uchimwene uja unali utatha. "Kambuzi kako kalowa m'munda mwanga. Ndakamanga. Mwini wake abwere."

Kwa amene simunakulire kwathu, ndifotokoze. Mbuzi ikalowa m'munda mwa munthu n'kudya mmera, mwini munda saithamangitsa kapena kuimenya. Amaigwira bwinobwino, kuimanga pamtengo wa pakhomo pake, mwinanso kuipatsa madzi. Ndiye amakhala pansi n'kudikira. Mwini mbuzi amayenera kubwera yekha, ndi miyendo yake, kudzakhala pamkeka n'kumva mawu. Satuma mwana, satuma mnzake. Akampani anaganizira za mphepo, mvula, akabawi ndi mawaya a magetsi, koma za lamulo la mbuzi palibe anawauza.

A Maseko anaseka mpaka kutsamira chiwongolero, hutala n'kulira. A Asiyatu sanaseke. M'galimoto munali katundu wa anthu ena atatu, ndipo kandegeko mtengo wake ndi woti ine ndingasoke mayunifolomu mpaka kukalamba osaufikira. A Asiyatu anandilanda foni n'kuyankhula ndi achemwali m'Chiyao, mwaulemu wonse. Anafotokoza kuti kandege si kanga, ndi ka kampani, ndipo kakawonongeka ntchito yawo yatha.

"Mwanangu, ndilibe nawe mlandu," ndinamva achemwali akuyankha. "Kali bwinobwino, ndakafunditsa ndi ambulera kuti kasapse ndi dzuwa. Ungondibweretsera munthu wavala malaya oyera amene wakhala pambali pakoyo."

Za malaya oyerazo anawauza ndi Che Jafali, sindikukayika. A Asiyatu anadula foni n'kundiyang'ana. Ndinayesa kupereka maganizo akuti a Maseko, monga munthu wamkulu, ndi amene angakambe bwino nkhaniyi. Ndinatinso bondo langa siligwirizana ndi bwato.

"Bambo," anatero a Asiyatu, "tsikani."

Bwato linali K500 munthu mmodzi. Ndinakhala pakati, nsapato zili m'manja, madzi akulowa pansi. Kutsidya tinapeza njinga yamoto imene inatitenga tonse awiri, ine ndi a Asiyatu, pa K3,000, ine pakati ngati katundu, mpaka pamene matope anaikanika. Kotsalako tinayenda pansi. Malaya aja pofika apa anali ndi mtundu wa chigumu.

Anthu anayamba kundizindikira. Ena anati ankayesa ndili ku Joni. Ena anangoti, "Alendo, alendo," akuseka. Ndinkayankha mwanthabwala, mpaka pamjigo pamene tinakumana ndi mayi wina wachikulire amene ankagwirizana kwambiri ndi malemu mayi anga. Atandiona anatula ndowa pansi, manja n'kugwira pamutu.

"Mayo ine! Alifeyo wabwera? Ababa ako atisiya nthawi yanji?"

Ndinati ali moyo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osamvetsa chimene chandibweretsa ngati kulibe maliro. Nthabwala zinandithera pomwepo. Manyazi amene ndinamva pamjigo paja sindinawamvepo chibadwire, ndipo a Asiyatu anachita bwino kuyenda patsogolo osatembenuka.

Tinafika pakhomo cha m'ma fili koloko. Bwalo linali lodzaza ngati pali chinkhoswe. Pakati panali kandege, kali phee pansi pa ukonde, ambulera yakuda itazikidwa pambali pake. Achemwali anatuluka, anapatsa a Asiyatu mpando ndi chikho cha thobwa, anawafunsa za kwawo ndi za makolo awo, ine osandiyang'ana n'komwe. Kenako anachotsa mtondo ndi njerwa, n'kunyamula ukonde pang'onopang'ono kuti usakole timapiko. A Asiyatu anagwada n'kuyendera kandege konse ndi zala. Panalibe ngakhale pokalika.

"Sikomo, amao," anatero, akupuma mozama.

"Iwe," anatero achemwali kwa ine. "Kuseri."

Podutsa pakhonde ndinagwada n'kupereka moni kwa ababa maso anga ali pamkeka. Anatulutsa mawu amene sindinawamve. Ndinadzuka msanga.

Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa la udzu, achemwali anaima manja ali m'chiuno. Ndinali nditakonzekera kukalipiridwa, ndipo mayankho ndinali nawo: ntchito, kukwera kwa mitengo, misewu. Koma sanakweze mawu.

"Sopo watumiza ndamuona. Zikomo. Ukudziwa amene amawasambitsa ababa ndi sopo ameneyu?"

Ndinati ndinkayesa ndi Che Wisiki, bambo wa nyumba yoyandikana nafe.

"Che Wisiki anasamukira kwa mwana wawo chaka chatha. Ndinakuuza pafoni, iwe unati utumiza matewera." Anadziloza pachifuwa. "Ndine. Ine mwana wamkazi. Ndimawavula bambo anga ondibereka, kuwasambitsa, kuwapukuta. Zimene maso anga sayenera kuona ndaziona chaka chathunthu. Iwo amatsinzina kuyambira powavula mpaka powaveka, nkhope atalozetsa ku udzu, misozi ikungotsika. Nthawi ina anakana kudya masiku awiri kuti asadzadziipitsire, ndisadzawagwire. Ali ndi mwana wamwamuna, Alifeyo. Mudzi wonse ukudziwa kuti ali ndi mwana wamwamuna."

Kwathu mwana wamkazi saona thupi la bambo ake. Ngakhale mwana wamng'ono amadziwa zimenezi, ndipo ine ndinkazidziwa bwino lomwe tsiku lililonse limene ndinkamanga maphukusi aja. Ndinangosankha kusaziganiza. Ndinati, "Pepani achemwali," ndipo mawuwo anamveka aang'ono ngati ndalama yachitsulo m'mbale ya chopereka.

"Pepani wako ndamumva," anatero. "Dikira pompo."

Analowa m'nyumba. Potuluka anali atavala chitenje chatsopano ndi nsapato za kutchalitchi, chikwama chili paphewa. Chikwamacho sichinalongedzedwe nthawi imeneyo ayi, chinali chokonzeka kuyambira pamene Che Jafali anaimba foni. Anapita kwa a Asiyatu.

"Mwanangu, mpando umene anakhalapo uyu pobwera, pobwerera uli ndi munthu?"

A Asiyatu anayang'ana ine, anayang'ana pakhonde, kenako anati, "Malamulo salola kunyamula anthu. Koma pakalata analemba kuti tili ndi wolozera njira mmodzi. Dzina sanalembe."

"Njira ya ku Balaka ndikuidziwa," anatero achemwali. Anatambasula dzanja kwa ine. "Makiyi a kunyumba kwako. Ndikufuna ndikagone sabata imodzi osadzuka kutembenuza munthu. Ndikaonetsenso msanawu kuchipatala."

Ndinapereka makiyi. Anandiuza mwachangu zofunika: phala likhale lamadzimadzi, ndiziwadyetsera mbali ya kumanja, ndiziwatembenuza pafupipafupi kuti asatuluke zilonda, mankhwala m'mawa akatha kudya. Anagwada pakhonde n'kunong'oneza ababa kanthu kena, ndipo ndinaona dzanja lawo lamoyo likugwira mkono wa achemwali n'kuusiya.

A Asiyatu anaimbira a Maseko kuti atsegule denga, anauza anthu kuti atalikire, n'kudina pa tabuleti. Kandege kanadzuka, kanamwaza fumbi ndi makoko a mpunga pabwalo lonse, n'kulunjika kumtsinje. Khamu lonse linakathamangira mpaka kumapeto kwa mudzi. A Asiyatu ndi achemwali anatsatira pambuyo wapansi, wina atanyamula tabuleti, wina chikwama, akucheza ngati anadziwana kale. Achemwali sanatembenuke. Bwalo linatsala lopanda munthu, kupatula ine ndi ababa.

Ndinakoleza moto movutikira, poti manja anazolowera makala a m'tauni. Ndinatenthetsa madzi, ndinawathira m'beseni, ndinayesa ndi chigongono monga ndinaonera anthu akuchitira makanda. Ndinaika mpando m'bafa. Kenako ndinabwerera pakhonde, ndinavula malaya aja n'kuwapachika pamsomali, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri ndinawayang'ana bambo anga kumaso. Pakamwa panali popotoka monga ndinasiyira. Koma maso anali omwe aja, akuthwa, amene ankandipeza ndikabisala pothawa kukawedza.

Ndinalowetsa dzanja lina kumsana, lina pansi pa mawondo, n'kudzikonzekeretsa kunyamula munthu wolemera. Ndinatsala pang'ono kugwa chagada. Ababa anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Ndinadutsa nawo pabwalo kulowera kubafa.

M'bafa ndinawakhazika pampando n'kuyamba kumasula mabatani. Sanatsinzine. Anandiyang'anitsitsa, milomo ikulimbana ndi mawu, ndipo ndinaweramira pafupi kuti ndimve chimene bambo anga asungira mwana wawo nthawi yonseyi.

"Wa... nenepa," anatero.

Ndinaseka, iwonso anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope, ndipo kuseka kwangako sikunathere poseka.

Za tindege ndilibe nato chifukwa. Ndinaona ndi maso anga mankhwala akuwoloka mtsinje umene galimoto inaulephera, ndipo a Asiyatu ndimawapatsa ulemu mpaka lero. Kungoti pa ulendo umenewu ndinaphunzira kuti ine ndinkalipira anthu ndi makina kuti azindipitira kumene ndinkaopa, ndipo aliyense ankafika bwinobwino, koma ntchito imene inkandidikira kumeneko inali ya manja anga. Ndinanyowetsa kansalu, ndinapaka sopo, n'kuzungulira kumbuyo kwa mpando. Ndinayambira kumsana, kuti ababa asaone nkhope yanga.